Injini Zinasiya Kubangula

Lamlungu masana ku Kalingalinga
garaja ya a Yotamu sigwira ntchito.
Masipanala agona m'chitini cha girisi,
minibasi yopanda giya yakhala pa njerwa sabata yachitatu,
ndipo ife tapanikizana pa mpando wozulidwa m'basi
maso pa kanema wopachikidwa pa msomali.
Dikoda tinasonkherana.
Ndalama za Hachoobe zinabwera mochedwa, zikununkha dizilo.

Kutali, kudziko kumene sitidzapondako,
magalimoto andanda awiriawiri.
Nyali zofiira zayaka, zazima.
Apo!

A Yotamu apukusa mutu.
"Mwamva chiyani? Palibe chimene mwamva.
Kale injini inkabangula mpaka malata awa kunjenjemera.
Giya ndinkaidziwa ndi khutu
mutu uli pansi pa boneti ya kasitomala.
Lero zikulira ngati makina ometera a Mubita.
Anaikamo mabatire.
Uwu ndi mpikisano wa mafiriji."

Mubita sakwiya, mlandu wake uli ndi kamera.
Kumbuyoko anyamata awiri akulimbirana malo achisanu ndi chinayi,
tayala likununkhiza tayala linzake,
mpweya tonse taugwira,
ndiye wojambula atinyamula
kukationetsa mayi wa magalasi akuda
akuluma chikhadabo m'chipinda cha olemekezeka.
"Ndani ameneyu? Akuyendetsa nambala chani?"
Pobwerera pamsewu zatha kale,
wodutsa wadutsa.
Atipatsa malonda a wotchi
imene mtengo wake ungagule puloti ku Chalala.

Hachoobe, wa mabasi a ku Mtendere,
chikumuseketsa ndi chilango cha masekondi asanu.
"Chifukwa cha mzere woyera basi?
Abwere pa raundabauti ya Kabwe dzuwa likamalowa
aone mmene timalowera anayi m'njira ya awiri
popanda woweruza, popanda mbendera,
kondakitala theka la thupi lili panja."

Ine ndili chete. Ndikuyang'ana Mzamose,
mwana wa a Yotamu, wa giredi leveni.
Kumapeto kwa kope la masamu
walemba ndani wasintha matayala, pa ulendo wachingati,
ndani akusunga, ndani akuwononga.
"Adadi," atero osacheuka,
"malamulo mukuwanyozawo ndi amene awayandikizitsa.
Kale wotsogola ankathawa yekhayekha,
inu n'kugona theka lisanakwane.
Botolo ndinkakuchotserani ndine m'manja."
Phwete lathu lidzutsa galu wa pageti.
A Yotamu apukuta pa ovolosi
manja amene anali oyera kale.

Kwatsala maulendo atatu.
Wachiwiri wafika pamsana pa woyamba,
akusuzumira kumanja, kumanzere,
ndipo magetsi, thi!
Kanema wasanduka galasi lakuda
lotionetsa nkhope zathu, kukamwa yasa.

Amene athamanga ndi a Yotamu,
zaka makumi asanu ndi limodzi, bondo lolira,
abwera atafungata batire la minibasi ngati khanda.
Chofiira pa chofiira, chakuda pa chakuda.
Palibe atchula za mafiriji.
Dikoda ikuganiza. Ikufunafuna. Ikuwerenga pang'onopang'ono
ngati kalaliki wa ku Siviki Senta nthawi ya lanchi.

Chithunzi chibwera:
mayi uja wa magalasi akuda akuwomba m'manja.

"Wapambana ndani?"
Mzamose atseka kope.
"Wachiwiri uja. Winayo matayala anali atamuthera."
Mayina akwera pa kanema, ndipo ndi momwemo.

Anthu abalalika akukangana za sabata yamawa.
Ine ndatsala kupinda waya.
A Yotamu abweza batire pamalo pake,
akhala pa chiwongolero cha minibasi yosayenda ija,
apotokola kiyi, aponda mafuta mpaka pansi.
Malata anjenjemera.
Utsi wakuda ukwera mumtengo wa mapeyala.
Iwo atsinzina, khutu atchera,
dzanja lamanzere likusintha giya
imene ili pansi, pa katoni, m'zidutswa.